Nyumba ya Eni Khumi ndi Awiri

Nyumba iyi ili ndi eni khumi ndi awiri
koma ogonamo ndi abuluzi.
Ine Fulukiya Dinyero ndimasunga makiyi,
ndimasesa masamba pakhonde loyang'ana Shire
khutu lili kumsewu wotsika ku Thabwa.

Anaigula mogawana ngati ng'ombe ya Khirisimasi,
uyu mwendo, uyu nthiti,
aliyense mwezi wake.
Juni ndi wa a Mdeza a kubanki,
Ogasiti wa Mayi Kalilangwe ndi ana awo aphokoso,
Okutobala, poti palibe ankamufuna,
anagwera a Thombozi, mphunzitsi wopuma,
pamtengo wa mafupa.

Kale Lachisanu likakwana fumbi linkanena lokha.
Ankatsika ndi mabokosi a ayezi,
ndi mafuta odzola a udzudzu,
m'mawa ku Majete kukaona njovu,
madzulo kujambula mvuu zikuyasamula.
Pochoka ankandisiyira nyama yotsala
ndi ya sopo yopinda kawiri.

Chaka chino Juni wadutsa osatsegula chitseko.

A Mdeza anaimba foni usiku:
Dinyero, ndagona pamzere masiku atatu,
ndapata malita khumi.
Kutsika n'kosavuta, galimoto itsika yokha,
nanga phirilo ndidzalikwera ndi chiyani?
Ndinaseka nawo, poti bwana akaseka umaseka,
koma za malipiro anga sanatchule.

Ndalama yachepa mphamvu, akutero a pawailesi,
ngati kuti inadwala malungo.
Ku Dyeratu anyamata akhala pa zigubu zachikasu,
botolo limodzi la petulo
mtengo wake nkhuku ziwiri ndi chenji.
Jenereta yathu yachita dzimbiri pakhosi.
Dziwe losambiramo labiriwira,
achule achita msonkhano, asankhana maudindo.

Msonkho wokonzetsera nyumba wokha ndiwo sudwala.
Ukwera chaka ndi chaka,
ubwere usabwere, kalata ikupeza.
Mayi Kalilangwe akuti akugulitsa Ogasiti wawo.
Ndani agule mwezi
pamene thumba la chimanga likumuyang'ana m'maso?
Mwezi sungaukazinge,
sungaupereke kusukulu ngati fizi.

Koma Okutobala atafika, dzuwa likuswa mtengo,
ndinaona kabaza akukwera kamtunda,
kumbuyo kwake nkhalamba yakumbatira chikwama.
A Thombozi!
Minibasi inawatula pa Kamuzu Bridge,
kotsalako anapalasidwa ngati thumba la makala.
Anabwera ndi shuga wa m'kapepala ndi usipa.
Ndinalipira, anatero, tsono thukuta ili
ndilikhetsere m'nyumba yanga.
Ku Majete sanapite. Anakhala pakhonde masiku anayi,
malaya ali pamapewa,
kuwerenga mabwato a asodzi
ndi kundiphunzitsa mayina a nyenyezi
amene ine ndinkawadziwa kale m'Chisena.
Tsiku lachisanu anandibwereka ya minibasi.

Pamene pankaima magalimoto ndabzala mapira.
Amera bwino, nthaka yake inapuma.

Ndiye mu Malichi madzi anabwera,
monga amabwerera kuno, osagogoda.
Anatenga khola, anatenga khitchini ya mkazi wanga,
khoma la kuchipinda linagwada pansi.
Ndinayang'ana makiyi m'dzanja langa,
ndinayang'ana kalendala pakhoma:
Malichi, a Nkhwazi, a ku Namiwawa,
zaka ziwiri osaponda kuno.

Ndinatsegula.

Mwana wanga Nyamiti anagona pabedi la masipuling'i,
mapazi amatope pa nsalu yoyera,
anadzuka n'kufunsa:
Ababa, mwezi uno ndi wa ndani?
Ndinati gona, mwanawe, eni ake ali pamzere,
mafuta akadzatsika tidzamva fumbi.

Mpaka lero ndimasesa khonde,
khutu lili ku Thabwa,
theka la mtima kupempha kuti abwere andilipire,
theka linalo
likuthirira mapira.